Matayala Aakulu pa Land Rover Yakale m'Misewu ya ku Thyolo

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu a m'minda ya tiyi ku Thyolo safunsa tanthauzo la mwambi umenewu, pakuti amauona ndi maso chaka ndi chaka. Mvula ikayamba mu Novembala tiyi amaphukira, ndipo kuyambira Disembala kufikira Epulo ndiyo nyengo imene masamba ochuluka amathyoledwa. Koma mvula yomweyo imasandutsa dothi lofiira la katondo kukhala phala loterera. Mathirakitala okoka ngolo za masamba amakumba ngalande ziŵiri zakuya mumsewu ndi kusiya mtumbira pakati, kotero kuti galimoto yotsika ikaloŵamo imakhalira mimba pamtumbirapo, mawilo ake nangozungulira pachabe. Ngakhale dzinja litapita, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabwezanso matope m'njira za m'munsi mwa phiri la Thyolo.

Tiyi anayamba kudzalidwa m'bomali mu 1908, ndipo m'zaka zotsatira munatsegulidwa minda imene maina ake ndi odziŵika kwa omvera ambiri: Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, Makwasa, ndiponso Satemwa umene unayamba mu 1923. Galimoto imene inadzazoloŵerana ndi misewu ya m'minda imeneyi ndi Land Rover, imene kampani ya Rover inayamba kupanga mu 1948 ku Solihull, m'dziko la England. Kwa zaka zambiri imeneyi ndiyo inali galimoto ya manejala woyendera minda, ya apolisi, ya achipatala ndi ya amishoni. Mtundu wa Series II unatuluka mu 1958, wa Series IIA mu 1961, ndipo wa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Zitakalamba, zambiri zinagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo zina zikuyendabe, kunyamula chimanga, feteleza ndi nthochi, nthaŵi zinanso wodwala wothamangira naye ku chipatala cha Malamulo usiku.

Mwini wa galimoto yotere akatitimira kaŵiri katatu, anzake sachedwa kumlangiza kuti aike matayala aakulu. Malangizowo si abodza, koma olangizawo kaŵirikaŵiri amatchula phindu lokha osatchula mtengo wake. Tayala lalikulu limapatsa galimoto chinthu chimodzi, ndipo olipira ake ndi injini, mabuleki, zitsulo zozungulitsa mawilo ndi chiwongolero. Mwini galimoto ayenera kudziŵa zonsezi asanatulutse ndalama zake.

Manambala olembedwa patayala

Land Rover zakale zili m'magulu aŵiri. Yaifupi imatchedwa 88, yaitali 109, ndipo manambalaŵa akunena mainchesi a mtunda wochokera pa mawilo akutsogolo kufika pa akumbuyo. Yaifupi inkatuluka kufakitale ndi matayala olembedwa 6.00 x 16, pamene yaitali inkavala a 7.50 x 16. Nambala yoyamba imanena kutambalala kwa tayala m'mainchesi, yachiŵiri imanena kukula kwa limu. Pa matayala a mtundu wakalewu, kutambalala kukakula msinkhu nawonso umakula. Tayala la 6.00 likaimikidwa limatalika pafupifupi mainchesi 29, la 7.50 pafupifupi mainchesi 32. Ogulitsa ambiri masiku ano amatchula manambala a mtundu wina. Tayala la 205/80 R16 lili pafupi ndi la 6.00 pa msinkhu, ndipo la 235/85 R16 lili pafupi ndi la 7.50, ngakhale kuti ndi lotambalalirapo.

Phindu lake: zala ziŵiri

Munthu akagwada ndi kusuzumira pansi pa Land Rover amaona mtanda wachitsulo wolumikiza mawilo aŵiri, umene amakaniko amati ekiselo, ndipo pamtandapo pali chotupa chonga mphika. Mumphikamo ndimo muli difu, magiya ogaŵira mphamvu ku mawilo aŵiriwo. Mphika umenewu ndiwo malo otsika koposa pagalimoto yonse, ndipo ndiwo umayamba kulima mtumbira. Ena amayesa kukweza galimoto potalikitsa zitsulo zokoleka masipuling'i, kapena powonjezera zitsulo zina m'mtolo wa sipuling'i. Zimenezi zimakweza bodi yokha. Mphika wa difu umatsala pamene unali, pakuti ekiselo imakhala pakati penipeni pa wilo, ndipo palibe china chingaikweze koma tayala.

Tayalalo limaikweza pang'ono chabe. Kusiyana kwa la 6.00 ndi la 7.50 ndi mainchesi 3, koma popeza ekiselo ili pakati, galimoto imalandira theka lokha la kusiyanako: inchesi imodzi ndi theka, amene ndi masentimita pafupifupi 4, kapena zala ziŵiri zogundizana. Wosadziŵa angaseke, koma dalaivala wa m'minda ya tiyi amadziŵa kuti zala ziŵiri zimenezo ndizo zimasiyanitsa wofika kwawo ndi wogona panjira. Tayala lalitali limakweranso miyala ndi kudutsa maenje mosavuta kuposa lalifupi.

Pano mpofunika kusiyanitsa tayala lalitali ndi lotambalala, pakuti anthu ambiri amaziphatikiza. Tayala lotambalala ndi la pamchenga, monga m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi kapena ku Salima, kumene galimoto iyenera kuyandama kuti isamire. Matope a katondo a ku Thyolo ali ndi khalidwe lina. Kaŵirikaŵiri pamwamba pamakhala phala, pansi pake pali nthaka yolimba. Tayala lalitali koma lopyapyala limadula phalalo ndi kukaluma nthaka yolimbayo, pamene lotambalala limangosereseka pamwamba, ndipo pamalo opendekeka limakokera galimoto m'mbali. Mano a tayala nawonso ndi ofunika kuposa msinkhu. Mano otalikirana amataya matope wilo likamazungulira, koma othithikana amadzaza mpaka tayala lisalale ngati mtsuko. Land Rover yokhala ndi matayala a 6.00 a mano abwino ingakwere pamene ina ya 7.50 osalala yalephera.

Wolipira woyamba: injini

Munthu akanyamula ndowa yamadzi ataiyandikiza kuthupi imapepuka, koma akatambasula mkono ndowa yomweyo imamlemera. Mtunda wochokera pakati pa wilo kufika pansi uli ngati mkono umenewo. Ukatalika, mphamvu imene injini imakankhira nayo galimoto imachepa. Tayala la 6.00 limazungulira maulendo pafupifupi 430 pa kilomita imodzi, la 7.50 pafupifupi 390. Motero galimoto imayenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi, koma mphamvu yake yokoka imatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, pa giya iliyonse.

Pa msewu wa tala wochoka ku Limbe kudzera ku Bvumbwe zimenezi zimakoma, pakuti injini imaleka kulira kwambiri pa liŵiro lomwe lija. Pa chitunda zimaŵaŵa. Land Rover zambiri zakale zili ndi injini ya malita 2.25, ndipo ya dizilo inali ndi mphamvu ya 62 horsepower yokha pamene inali yatsopano. Phiri limene galimoto inkakwera ndi giya yachinayi limafuna yachitatu, ndipo kunyamuka pachikweza ndi katundu kumadya kilatchi. Amene amayembekeza kupulumutsa mafuta amakhumudwa, chifukwa chimene chapulumuka pachidikha chimathera pazitunda. Mankhwala ake alipo m'galimoto momwemo. Ndodo ya mutu wofiira ikakokeredwa kumbuyo imaloŵetsa magiya otsika, ndipo dalaivala wa matayala aakulu ayenera kuzoloŵera kuigwira msanga, galimoto isanayambe kupuma movutikira pakati pa phiri.

Wotchi ya liŵiro nayonso imayamba kunama, pakuti imaŵerenga kuzungulira kwa zitsulo, osati mtunda weniweni. Ikaloza pa 50, galimoto ikuthamanga 55. Ikalemba makilomita 100, ulendo unali wa makilomita 110. Wapolisi wa pamsewu samva zoti wotchi inanama, ndiponso wotsira mafuta atsopano mu injini poŵerenga mtunda amachedwa osadziŵa. Wotchi yochokera ku Land Rover ya 109 inapangidwira tayala la 7.50, ndipo ikaikidwa m'malo mwa yakaleyo bodzalo limatha.

Wolipira wachiŵiri: mabuleki

Apa ndipo pali moyo wa anthu. Mkono umene umachepetsa mphamvu ya injini umachepetsanso mphamvu ya mabuleki, pa muyeso womwewo, ndipo tayala lalikulu ndi lolemeranso. Land Rover zakale zili ndi mabuleki a madiramu. Ya 88 yopangidwa chisanafike chaka cha 1980 ili ndi madiramu a mainchesi 10, pamene ya 109, imene inapangidwira tayala la 7.50, ili ndi a mainchesi 11. Wovala tayala la galimoto yaitali pa galimoto yaifupi watenga nsapato za mkulu wake, koma miyendo ikadali yake yomwe ija.

Dziko la Thyolo sililekerera cholakwa chotere. Msewu wochoka pa Boma kudzera ku Makwasa ndi Thekerani umatsetsereka mtunda wautali kupita ku Muona, m'chigwa cha Shire. Pa mtsetse wotero madiramu akapondedwa kosalekeza amatentha, ndipo akatentha amaleka kugwira. Dalaivala wodziŵa amatsika ndi giya yotsika kuti injini igwire galimoto, koma tayala lalikulu limafooketsanso kugwira kwa injiniko, kotero kuti ayenera kusankha giya yotsikirapo kuposa imene anazoloŵera. Akawoloka mtsinje madzi amaloŵa m'madiramu, ndipo ayenera kuponda buleki pang'onopang'ono akuyenda mpaka aume. Zambiri za Series II ndi IIA zili ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, ndipo paipi imodzi ikabooka mawilo onse anayi amataya buleki nthaŵi imodzi. Chifukwa chake ntchito ya matayala aakulu imayambira pa mabuleki: nsapato zake, mapaipi ake ndi mafuta ake ziyang'anidwe, ndipo ngati n'kotheka kutsogolo kuikidwe madiramu a mainchesi 11 pamodzi ndi zida zonse zoyenderana nawo.

Wolipira wachitatu: chitsulo chobisika

M'kati mwa ekiselo muli ndodo ziŵiri zachitsulo zochokera ku difu kupita ku mawilo, zimene amakaniko amazitcha half-shaft. Pa Land Rover zambiri zakale ndodo zimenezi zili ndi mano 10 okha kumapeto kwake, ndipo ndizo zimayamba kuthyoka galimoto ikazunzidwa. Zimathyoka motere: wilo likuzungulira pachabe m'matope, dalaivala waponda mafuta mokwiya, ndipo mwadzidzidzi tayala laluma mwala. Kugwedeza konseko kumathera m'ndodoyo, ndipo tayala likakhala lalikulu, lolemera ndi la mano akuthwa, kupotokolako kumakula. Galimoto yaing'ono pa zonsezi inapangidwa mu 1985, kotero kuti zitsulo zake zatumikira zaka zosachepera 40 ndipo zatopa kale. Kampani yomwe inalidziŵa vutoli, ndipo pa Series III ya 109 inaika kumbuyo ekiselo yolimba ya mtundu wa Salisbury.

Pali chinthu china chimene woyendetsa aliyense wa Land Rover ayenera kusunga mumtima. Buleki yamanja ya galimotoyi sigwira mawilo, koma imagwira mtanda wochokera ku giyabokosi kupita ku difu yakumbuyo. Half-shaft imodzi yakumbuyo ikathyoka galimoto ili pa mawilo aŵiri, buleki yamanja imakhala yopanda ntchito, ndipo ngakhale giya siingaigwire. Zikachitika pachitunda, phazi lisachoke pa buleki mpaka wina ataika mwala kumbuyo kwa tayala. Pambuyo pake, kukanikiza ndodo ya mutu wachikasu kumaloŵetsa mawilo akutsogolo, amene angathe kukokera galimoto ku galaja yapafupi, pang'onopang'ono, pakuti zidutswa za chitsulo chothyokacho zingawononge difu.

Onse asanu akhale ofanana

Ndalama zikachepa, mwini galimoto amaganiza zogula matayala aakulu aŵiri a kumbuyo, ena adzaonekere m'tsogolo. Pa galimoto ina zimenezi zingapite, koma pa Land Rover yakale ndi kuitana tsoka. Ndodo yachikasu kapena yofiira ikaloŵetsedwa, ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo zimamangiriridwa pamodzi ndipo ziyenera kuzungulira mofanana, pakuti pakati pa izo palibe difu yachitatu yozigaŵira. Ngati kutsogolo kuli 6.00 ndipo kumbuyo kuli 7.50, mawilo akutsogolo amafuna kuzungulira maulendo 40 owonjezera pa kilomita iliyonse. M'matope mawilo amaterereka ndi kubisa mkanganowo. Pa nthaka youma kapena pa tala palibe pothaŵira, ndipo mkanganowo umathera m'magiya mpaka china chithyoke.

Motero matayala onse anayi, pamodzi ndi lapadera lachisanu, akhale a msinkhu umodzi ndi mtundu umodzi. Tayala lolembedwa chilembo R linalukidwa mosiyana ndi lakale lopanda chilembocho, ndipo aŵiriŵa sayenera kusakanizidwa. Wogula matayala ogwira kale ntchito ayang'ane manambala anayi olembedwa m'mbali. Pa matayala opangidwa kuyambira chaka cha 2000, manambala aŵiri oyamba amanena sabata, aŵiri otsiriza amanena chaka, kotero kuti 1219 ndi sabata ya 12 ya chaka cha 2019. Tayala lingakhale ndi mano abwino koma mphira wake atauma ndi kung'aluka chifukwa cha ukalamba. Ubwino wa 7.50 x 16 ndi wakuti silisoŵa, popeza malole aang'ono ndi Toyota Land Cruiser amavalanso lomwelo. Komabe ena mwa matayala ameneŵa anapangidwira malole ndipo ndi ouma ngati thabwa, kotero kuti pa galimoto yopepuka amadumphadumpha m'malo mogwira msewu.

Limu ndi chiwongolero

Limu ya 88 ndi yotambalala mainchesi 5, ya 109 mainchesi 5 ndi theka. Tayala la 7.50 limafuna limu ya 109, imene imaloŵa bwino pa mabawuti asanu a galimoto yaifupi. La 235/85 limafuna yotambalala kuposa pamenepo, yosachepera mainchesi 6. Tayala lokanikizidwa pa limu yopapatiza limatupa pakati, limatha msanga ndipo limapinda pokhota. Malimu akale amafuna chubu, ndipo chubucho chikhale cha msinkhu wa tayala latsopanolo, osati chakale chotanulidwa. Kuchepetsa mpweya pang'ono kumathandiza m'matope, koma ukachepa kwambiri tayala limatsetsereka pa limu ndi kudula mlomo wa chubu. Wotuluka m'matope apopenso asanathamange pa tala.

Matayala akamangidwa, makaniko apotoze chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziŵiri ndi kuona ngati tayala likukhudza sipuling'i. Likamakhudza, pali mabawuti oletsa chiwongolero kupitirira malire, ndipo amenewo amatulutsidwa pang'ono. Zotsatira zake n'zakuti galimoto imafuna malo aakulu potembenuka, chinthu chimene dalaivala amachimva pa makona opanikiza a m'minda ya tiyi. Land Rover yakale ilibenso makina opeputsa chiwongolero. Mphamvu yonse imachokera m'manja, ndipo tayala likatambalala manja amatopa, timfundo ta chiwongolero ndi mabering'i a mawilo zimathanso msanga.

Ngati masipuling'i ali bwino, ya 88 imalandira 7.50 popanda kukweza bodi. Tayala likamakhula madigadi, kaŵirikaŵiri masipuling'i ndiwo atopa, ndipo chofunika ndi kuwakonza. Kukweza bodi mopitirira kuli ndi ngozi yake, chifukwa misewu yambiri ya m'minda imayenda chopingasa phiri, mbali ina pamwamba ina pansi. Galimoto yokwezedwa, itasenzanso matumba padenga, sichedwa kugudubuzika pamalo otere. Tayala lapadera loikidwa paboneti likakula limatsekanso maso a dalaivala pofika pamwamba pa chitunda, pamene pangakhale anthu othyola tiyi akudutsa ndi madengu awo kumsana.

Malire ali pati?

Ena sakhutira ndi 7.50, amafuna matayala a mainchesi 33 kapena 35 onga amene amaona pa zithunzi za kunja. Yankho labwino likupezeka m'zimene kampani yomwe inachita. Mu 1968 inatulutsa Land Rover ya 109 yotchedwa One Ton, yovala matayala a 9.00 x 16. Pochita zimenezi sinangosintha matayala. Inaika injini ya masilinda 6, maekiselo olimba, magiya otsikirapo, mabuleki aakulu ndi malimu otambalala.  Mlimi kapena wamalonda wa ku Luchenza amene alibe ndalama zosinthira zonsezo aimire pa 7.50, msinkhu umene zida zake zonse zinapangidwa kale ndipo zimapezeka pa Land Rover zaitali zimene zinaleka kuyenda. Mwini wa 109 ali kale pamalirewo, ndipo chimene angafune ndi mano abwino basi.

Safunsa anadya phula. Mwini galimoto asanagule kanthu ayambe wafunsa makaniko wozoloŵera Land Rover, ndipo adzifunsenso yekha chimene chimamuimitsa panjira. Ngati mawilo amazungulira pachabe difu isanakhudze pansi, vuto ndi mano a tayala, ndipo a 6.00 atsopano amkwanira. Ngati mphika wa difu ndiwo umalima mtumbira, 7.50 imthandiza, koma ntchito iyende mwa dongosolo lake: mabuleki poyamba, masipuling'i pambuyo pake, kenaka malimu asanu ndi matayala asanu ofanana, potsiriza chiwongolero ndi wotchi ya liŵiro. Ntchito imeneyi ndi ya m'chilimwe, mu Seputembala kapena Okutobala, kuti dalaivala ayese mabuleki ake pa msewu wouma ndi kuzoloŵera khalidwe latsopano la galimoto yake mvula yoyamba isanagwe. Ndalama zikakwanira theka la ntchitoyo, ndi bwino kuyendera matayala akale chaka china ndi kunyamula khasu, jeke ndi chingwe, pakuti galimoto yotitimira imakumbidwa n'kupitiriza ulendo, koma yolephera kuima pa mtsetse wa Thekerani imapita ndi onse amene yanyamula.